Kodi ndalama za msonkho zipite ku mafilimu pamene m'zipatala mulibe mankhwala?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya sekondale m'boma la Zomba. Akuti mwana wawo wamkazi wamaliza Fomu 4 ndipo mtima wake wonse uli pa kupanga makatuni. Usiku amachezera pa foni kudziphunzitsa yekha pa YouTube, ndipo za unamwino kapena za uphunzitsi sakufuna kuzimva n'komwe. Bambowo amva kuti opanga mafilimu akhala akupempha boma kuti liwakhazikitsire thumba la ndalama, ndiye akufunsa ngati n'chilungamo kuti msonkho wa anthu upite ku mafilimu ndi makatuni pamene m'zipatala mukusowa mankhwala ndipo ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Akufunsanso ngati lilipo dziko limene thandizo lotere linapinduladi, kapena ndi njira chabe yoti anthu ochepa adyerepo.

Bambo, zikomo pondilembera, ndipo ndikuuzeni poyambirira kuti funso lanu si la munthu wodana ndi luso, ndi la kholo limene limadula msonkho mwezi ndi mwezi ndipo lili ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake ikupita. Yankho langa ndi lakuti boma liyenera kuthandiza, koma ndalamayo isachokere m'mbale imodzi ndi ya mankhwala, ndiponso isamagawidwe ndi dzanja la nduna. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi filimu ya William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, imene inatuluka mu 2019 ndi dzina lakuti The Boy Who Harnessed the Wind. Anaijambulira konkuno, mawu ambiri m'menemo ndi a Chichewa, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anaionera pa Netflix. Koma mukayang'ana mayina a amene anaikapo ndalama mupezapo BBC Films ndi British Film Institute, mabungwe a ku Britain amene amayendera ndalama za anthu a kumeneko: lina limadalira chiphaso chimene banja lililonse loonera wailesi yakanema limalipira, linalo limalandira gawo la ndalama za lotale ya dziko lawo. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani ya njala yathu ndi nzeru za mwana wathu inafika pa kanema chifukwa dziko lina linaganiza kalekale kuti mafilimu ndi ofunika kuwaikira ndalama za anthu. Sindikudandaula kuti anaipanga, anachita bwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti filimuyo si yathu. Phindu lake, umwini wake ndi mphamvu yosankha kuti nkhani ikambidwe motani zinatsala m'manja mwa eni ndalama, ife tinapereka nkhani, malo ndi anthu odzaza m'zithunzi.

Izi sizikutanthauza kuti kuno kulibe aluso. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic ku Nigeria mu 2016, ndipo Shemu Joyah, amene ntchito yake yophunzira ndi yoyeza malo, anapambana mphoto yomweyo mu 2018 ndi filimu ya The Road to Sunrise, imenenso inakhala yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Anthu amenewa afika pamenepo chifukwa cha khama lawo, thumba lawo ndi thandizo la apa ndi apo la mabungwe akunja, ndipo pa zaka zambiri ofesi ya kazembe wa Norway ndiyo inkanyamula katundu wochirikiza aluso amene anayenera kukhala pa mutu pa boma lathu. Mlendo akasintha maganizo, kapena dziko lake likasintha ndondomeko, ntchito imaima pomwepo.

Ndinakhalapo tsiku lathunthu pamalo pamene achinyamata ena ankajambula filimu yawo m'tauni ina ya ku Lilongwe. Kamera inali yobwereka ndipo mwini wake ankaifuna pofika madzulo, mayikolofoni anaimangirira ku msungwi ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo nthawi iliyonse chigayo cha pafupi chikalira onse ankakhala pansi kudikira kuti chizime. Osewera sanalipidwe kanthu kupatula ya minibasi ndi mbale ya nsima. Filimuyo itatha, sipanapite sabata ziwiri isanayambe kupezeka m'timashopu towotchera nyimbo, kumene mnyamata amakuikira mafilimu angapo m'memori khadi pa ndalama yochepa, osapereka ngakhale tambala kwa amene anaipanga. Apa ndiye pagona vuto, bambo. Amalawi amakonda mafilimu kwambiri. Pitani mu vidiyo sho iliyonse ku Ndirande kapena kwa Chinsapo mukaone ana atathithikana pa mabenchi kuonera mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Chichewa. Oonera alipo, chimene chikusowa ndi njira yoti ndalama ya woonera ibwerere kwa wopanga, ndipo nyumba za kanema zakale monga Apollo ku Blantyre, kumene tikiti inkawerengeka, zinatsekedwa kalekale. Pamene zinthu zili chonchi palibe banki imene ingabwereketse ndalama kwa wopanga filimu, ndipo sindingaiimbe mlandu.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, ngati kwina zinatheka. Dziko la France linakhazikitsa bungwe lake loona za mafilimu, lotchedwa CNC, mu 1946, nkhondo itangotha kumene, pamene anthu ake anali pa umphawi ndipo mizinda yambiri inali mabwinja. Nzeru imene anapeza ndi imene ine ndimaisirira: tikiti iliyonse ya kanema imadulidwa pafupifupi 11 peresenti, ngakhale filimu imene ikuonetsedwayo ikhale ya ku America, ndipo ndalamayo imalowa m'thumba lopangira mafilimu a ku France komweko. Pambuyo pake anawonjezera nyumba za wailesi yakanema ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti kuti nawonso azisonkha. Motero filimu imalera filimu inzake, ndipo nduna ya zachuma sifunika kusankha pakati pa kamera ndi mankhwala a malungo.

Koma chitsanzo chimene chikukhudza mwana wanu mwachindunji chili pafupi, ku South Africa. Kumeneko lamulo la 1997 linakhazikitsa National Film and Video Foundation, bungwe limene limapereka ndalama zolembera nkhani, zojambulira ndi zophunzitsira achinyamata, ndipo unduna wawo wa zamalonda unayamba kubwezera opanga mafilimu gawo la ndalama zimene awononga m'dzikomo. M'nthaka yothiriridwa choncho ndi mmene munakulira kampani ya makatuni ya Triggerfish ku Cape Town. Mu 2015 kampaniyo, mothandizidwa ndi unduna womwewo pamodzi ndi Disney, inaitana olemba nkhani a mu Africa monse kuti atumize maganizo awo, ndipo mmodzi mwa osankhidwa anali Malenga Mulendema wa ku Zambia. Nkhani yake ya atsikana anayi a mu Lusaka inadzasanduka makatuni a Supa Team 4 amene anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Taonani zaka zimene zinadutsa, kuyambira 2015 mpaka 2023. Taonaninso kuti nkhani ndi ya ku Lusaka, wolemba ndi wa ku Lusaka, koma kampani imene inagwira ntchitoyo ndi ya ku Cape Town, chifukwa kumeneko ndi kumene boma linakonzeratu bwalo. Ndisakubisireni, ngakhale kumeneko zinthu sizili myaa. M'zaka zaposachedwapa opanga mafilimu akhala akudandaula mpaka kuchita zionetsero chifukwa boma likuchedwa kuwabwezera ndalama zimene linalonjeza, ndipo ntchito zina zaima. Thandizo lodalira bajeti ya chaka ndi chaka limagwa tsiku limene boma lapanikizika.

Makatuni ndi amene amafuna kuleza mtima kwa mtundu umenewu kuposa filimu ya anthu. Kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda, kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ngakhale wojambula atachepetsa n'kumajambula 12 zokha, mphindi imodzi imafuna zithunzi 720. Gawo limodzi la mphindi 10 ndi zithunzi zoposa 7,000, osawerengera kulemba nkhani, kujambula malo, kupaka mitundu, kujambula mawu ndi nyimbo. Mwana wanu, ngakhale atakhala waluso chotani, sangathe zimenezi yekha pa foni. Pamafunika gulu la anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi kwa chaka kapena ziwiri asanagulitse kalikonse, makompyuta amphamvu amene tikawaitanitsa amadulidwa msonkho pa chipata, intaneti yodalirika, ndi magetsi osazimazima, pakuti kompyuta ikazima pakati pa ntchito yosandutsa zithunzi kukhala filimu, maola onse aja apita pachabe. Ubwino wake ndi wakuti gulu lotere likakhazikika limatha kugwira ntchito za makampani akunja lili konkuno n'kumalandira ndalama zakunja zimene dziko lino likuzisowa, komanso makatuni savuta kuwasintha chilankhulo: omwewo akhoza kulankhula Chichewa lero, mawa Chitumbuka kapena Chiyao, n'kukafika ku Chipata ndi ku Tete. Ndipo tikanena za ana ophunzirira pansi pa mtengo, tisaiwale kuti ana omwewo akafika kunyumba amaonera makatuni a zilankhulo za eni, pamene nthano za Kalulu ndi Fisi zikutha pamodzi ndi agogo awo.

Nanga kuno ndalama ingachokere kuti osakhudza ya mankhwala? Chiyambi chilipo kale, kungoti ambiri sachidziwa. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, monga mafoni ndi mamemori khadi, ndipo bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA limagawa ndalamazo kwa eni luso, gawo lina n'kulowa m'thumba lothandizira ntchito zatsopano. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya ku France ija: chipangizo chimene chimadyera aluso chibwezeko kenakake kwa aluso. Tilinso ndi chitsanzo cha TEVETA, yoona za maphunziro a ntchito zamanja, imene imayendera 1 peresenti ya malipiro imene olemba anthu ntchito amasonkha, ndipo sindiona chifukwa choti kujambula makatuni, kujambula mawu ndi kulumikiza zithunzi kusakhale m'gulu la ntchito zamanja zophunzitsidwa ndi ndalama imeneyo pamodzi ndi ukalipentala ndi kuwotcherera. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa khonsolo ya zaluso ndi chikhalidwe, imene aluso anaidikira zaka zambiri chivomerezereni ndondomeko ya zachikhalidwe mu 2015. Lamulo pa pepala silijambula filimu, koma lapereka nyumba yoti thumba lotere likhalemo. Pali zinanso zosalira ndalama yochuluka: kuchotsa msonkho pa makamera ndi makompyuta a ntchitoyi, ndi kulamula nyumba za wailesi yakanema, kuyambira MBC, kuti zizigula mafilimu a kuno pa mtengo weniweni m'malo moyembekezera kuti wopanga filimu abweretse ntchito yake ulere kapenanso alipire nthawi yoionetsera.

Mantha anu akuti anthu ochepa angadyerepo ndi mantha anganso, ndipo apa sindikufuna kunyengerera anzanga aluso. Tonse tikudziwa mmene ndalama zotere zimathera m'dziko muno: misonkhano ya kunyanja, maalawansi, maulendo okaphunzira kunja, kenako filimu palibe. Tikudziwanso kuti boma limene likupereka ndalama limafuna kuyamikiridwa, ndipo dziko limene lili ndi mbiri ya lamulo lounika zisudzo ndi mafilimu la 1968, limene linatseka pakamwa olemba ambiri m'nthawi ya chipani chimodzi, liyenera kusamala kwambiri kuti thumba la mafilimu lisasanduke chingwe chomangira aluso. N'chifukwa chake ndikuti osankha ntchito zolandira ndalama akhale anthu odziwa ntchitoyi, osinthidwa pakapita nthawi, osaloledwa kudzipatsa okha kapena kupatsa abale awo. Mayina a olandira ndi kuchuluka kwa zimene alandira zizilengezedwa poyera. Ndipo ndalama iziperekedwa pang'onopang'ono, wolemba akaonetsa nkhani yomalizidwa, wojambula akaonetsa zimene wajambula. Filimu ikapindula, gawo lina libwerere m'thumba kuti lithandize wina. Ndikanakhala ine wogawa, ndikanaika ndalama yambiri pa kulemba nkhani ndi pa kujambula mawu, pakuti mafilimu athu ambiri amagwera pamenepo osati pa kamera, ndipo ndikanakana kumanga chinyumba chachikulu cha mafilimu tisanakhale ndi anthu odzagwiramo ntchito.

Za mwana wanu, bambo, sindingakulonjezeni kuti thumba limeneli lidzakhala litakhwima pofika nthawi imene iye adzafune malipiro ake oyamba. Musamuletse kujambula, koma mumulimbikitse apitirize maphunziro, kaya a zaluso ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba komweko, kaya a makompyuta, chifukwa wopanga makatuni wodziwa kompyuta bwino sasowa ntchito yotsatsa malonda kapena yopanga mauthenga a zaumoyo pamene akudikira nkhani yake yaikulu. Mumuuze amalize kanthu kakang'ono, ngakhale ka masekondi 30, kokhala ndi chiyambi ndi mathero, m'malo mosunga zithunzi zambirimbiri zosatha, popeza amene amasankha achinyamata m'mipikisano ngati ija ya ku Cape Town amafuna kuona chomalizidwa. Akakamaliza mudzanditumizire, ndipo ngati mungalole ndidzakaonetsa kwa anzanga amene ali m'ntchitoyi kuti amuuze moona pamene pakufunika kukonza.