Kodi "unsubstantiated" ndiye kuti ndanama?

FUNSO

Zikomo aphunzitsi. Ndine mlimi wa soya kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji. Mwezi wa Meyi ndinakagulitsa matumba 6 kwa ogula amene gulu lathu linapangana nawo. Kunyumba thumba lililonse linkakwana makilogalamu 50 pa sikelo ya alamu anga, koma kumeneko mnyamata wa pasikelo ankangoti 46, 46. Mwana wanga wa Fomu 3 anandilembera kalata yodandaula. Yankho linabwera m'Chingerezi, ndipo apampando analiwerenga pamsonkhano: "Your claim is unsubstantiated." Pomasulira anati ogulawo akuti ndine wabodza. Anthu anaseka, ine nkhope gwa pansi, ndipo sindinapondekonso kumsonkhano. Kodi mawuwo akutanthauzadi zimenezo?

Nabanda, Mkanda

YANKHO

A Nabanda, bwererani kumsonkhano. Apampando anu anaphonya, ndipo zandiwawa kuti mwasenza manyazi amene sanali anu.

Mawu amenewa amachokera ku "substantiate", kutanthauza kupereka umboni wotsimikizira zimene wanena. Ka "un" koyambirirako n'kokanira, ngati "sa" wathu wa mu "osatsimikizika". Choncho kalatayo ikuti dandaulo lanu lafika, koma lafika lopanda umboni. Basi. Akanafuna kukunenani bodza akanalemba "false", nkhani yosakhala yoona, kapena "fabricated", nkhani yochita kupeka. Mawu awiriwo m'chiganizo chimene mwanditumizirachi mulibe.

Amene amaluma ndi ena atatu: "baseless", "groundless" ndi "unfounded". Pa zaka zimene ndinkaphunzitsa Chingerezi ku Kasungu, ana a Fomu 4 ankawasakaniza ndi anu aja, mpaka ndinayamba kuwatulutsa m'kalasi kukaona amisiri akukumba ngalande ya nyumba. Onse atatu ndi mawu a pomanga. "Base" ndi pomwe chinthu chakhazikika, "ground" ndi nthaka, ndipo "unfounded" ndi pachibale ndi "foundation", maziko aja amene mmisiri amayamba kuyala asanakweze khoma. Munthu akati nkhani yanu ndi "baseless", akuti ndi khoma longosanjika pamchenga, palibe chimene laimapo. N'chifukwa chake andale amawakonda pa wailesi akafuna kutseka nkhani. Koma wolemba "unsubstantiated" sanakane kuti maziko angakhalepo. Wangoti simunamuonetse, ndiye kuti khomo walisiya chitsekulire.

Musalolenso wina aitche nkhani yanu "hearsay". Imeneyo ndi ya akuti-akuti, yongomva kwa ena, ndipo kawirikawiri khoti siliilandira ngati umboni. Inu munaima pasikelo pomwepo, muvi munauona ndi maso anu.

Tsopano ndikuuzeni chimene mwina simungakondwere nacho. Ogulawo sanalakwitse kwenikweni. Sikelo ya alamu anu ndani anaiyeza? Nayonso ikhoza kunama. Ndiponso soya akamauma amapepuka, ngakhale makilogalamu 4 pa thumba lililonse, mofanana chonchi matumba onse 6, ine sindingawavomereze msanga. Ponseponse apa mwataya makilogalamu 24, pafupifupi theka la thumba, thukuta lanu la dzinja lonse.

Ndiye fukulani maziko anu awaone. Malisiti a tsiku limenelo, ngati anakupatsani, asungeni mupepala la pulasitiki. Funsani anzanu amene anagulitsa komweko ngati nawonso anawerengeredwa mopereweza. Mukakhala atatu kapena anayi, aliyense asayinire zake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayeza masikelo a malonda m'dziko muno, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati sikelo ya ogulawo inayezedwa ndi iwo. Njira ina yachidule ndi iyi: tengani thumba la feteleza losatsekula, la makilogalamu 50, mukaliike pa sikelo ya alamu anu, kenako pa ya ogula, mboni ziwiri zikuona. Muvi udzanena wokha sikelo imene ili ndi vuto.

Mukatero mwana wanu uja alembenso kalata, malisiti ndi maina a mboni aphatikize kumbuyo. Ndipo apampando musawachititse manyazi pagulu ngati mmene zinakuchitikirani inu. Apezeni kunyumba kwawo madzulo, muwapatse tsamba lino awerenge okha, kuti msonkhano wotsatira akakonze ndi pakamwa pawo pomwe.