Achemwali a ku Area 25, lendi ya miyezi 6 ija musapereke

Achemwali, zomwe mwalembazi ndaziwerenga kawiri. Mwati madzi anakudulirani mwezi watha chifukwa cha bilu yomwe alandilodi anasiya osalipira, sabata ino kwabwera abambo awiri kudzajambula nyumba n'kuyeza mpanda, akuti atumidwa ndi banki, ndiye dzulo alandilodi omwewo akupemphani kuti muwapatsiretu lendi ya miyezi 6. Mukufunsa ngati ngongole zawozo zingakukhudzeni. Zakukhudzani kale, si mukukatunga madzi kwa aneba apa? Koma ndiyambe ndi chachangu: ndalama ya miyezi 6 imeneyo musapereke. Lipirani mwezi ndi mwezi monga mwa pangano lanu, osapitirira apo.

Munthu amene banki yayamba kumuyendera amafuna ndalama yoti atsekere dzenje, ndipo amayamba ndi amene ali pafupi. Tinene kuti lendi yanu ndi K150,000. Miyezi 6 ndi K900,000. Mukapereka lero, nyumba n'kugulitsidwa pakatha miyezi iwiri, wogulayo adzakuuzani kuti iye sanalandire kanthu, ndipo adzakhala akunena zoona. Inu mudzatsala mukusaka munthu amene foni yake siikupezekanso. Ine zinandichitikira ndili ku Blantyre. Ndinapereka miyezi itatu chifukwa cha chisoni, bamboyo amachita kugwetsa misozi pakhonde. Ndalamayo mpaka pano ndimangoikumbukira ndikamadutsa msewu umenewo.

Ngongole za eni nyumba zili pawiri. Ina ndi ya munthuyo payekha, monga ya kubanki mkhonde kapena ya pagolosale, imeneyo nthawi zambiri siyikukhudzani. Ina imamatirira panyumbapo, pamita, papuloti, ndipo amene amamva kuwawa ndi amene akugona m'nyumbamo.

Madzi ndi magetsi ndiye oyamba. Lilongwe Water Board imadziwa nambala ya akaunti ndi dzina lomwe lili pamenepo, siyidziwa kuti amene akusamba ndi ndani. Bilu ikachuluka amadula, ndipo kuti alumikizenso pamafunika kulipira ngongoleyo ndi ndalama yolumikizira. Musaganize kuti mita yogula mayunitsi yakupulumutsani. Ngati panali ngongole yakale yomwe inasamutsidwira pamita imeneyo, kaya ndi ya madzi kaya ya ESCOM, ndalama ina imadulidwa nthawi iliyonse mukagula. Yang'anani bwino risiti kapena uthenga wa mayunitsi, muone ngati pali mzere wa arrears, kutanthauza ngongole yotsalira. Ambiri timangodandaula kuti mayunitsi sakuchedwa kutha masiku ano, pamene tikubweza ngongole ya munthu wina.

Pamenepa pali njira, koma muitsate mwadongosolo. Tengani nambala ya akaunti mupite ku ofesi ya madzi mukafunse kuti ngongole yonse ndi zingati komanso inayamba liti. Mukatero lemberani alandilodi, ngakhale pa WhatsApp, kuti: bilu ndi yakuti, ndilipira ine, ndipo ndichotsera pa lendi ya mwezi uno. Ayankhe kuti avomera, inu musunge yankholo limodzi ndi risiti. Musangochotsera mwa inu nokha. Ena muno akulangizani kuti mungosiya kulipira lendi mpaka zinthu zitalongosoka. Ayi ndithu. Mukasiya kulipira, wangongole mukhala inu, ndipo mwawapatsa chifukwa chomveka chokutulutsirani.

Tsopano za banki, zomwe ndikuona kuti ndi zimene zakusowetsani tulo. Anthu ojambula ndi kuyeza aja nthawi zambiri amakhala owerengera mtengo wa nyumba. Amabwera munthu akamapempha ngongole yatsopano, amabweranso banki ikamakonzekera kugulitsa. Poona kuti mwini wake walephera ngakhale bilu ya madzi, ine ndikukayika ngati ili ngongole yatsopano. Ndipo si iwo okha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, Reserve Bank n'kukweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, anthu ambiri amene anamanga nyumba ndi ndalama za kubanki anayamba kupuma movutikira. Tsegulani The Nation kapena The Daily Times muone zidziwitso za nyumba zomwe mabanki akugulitsa.

Ngati nyumbayo ili ndi title deed ndipo anaiika chikole, lamulo la Registered Land Act sililola banki kungodzuka n'kugulitsa. Mwini wake akalephera kulipira, banki imamulembera kalata yomuchenjeza, ndipo amapatsidwa miyezi itatu. Ikatha osalipira, banki ikhoza kugulitsa nyumbayo, kapena kuika munthu woti azitolera lendi m'malo mwa mwini wake. Vuto ndi loti kalatayo imapita kwa alandilodi, osati kwa inu, choncho simudziwa kuti miyezi itatuyo inayamba liti. Mwina inatha kalekale. Mungathe kupita ku ofesi ya Lands kukachita search pa nambala ya pulotiyo, pamalipidwa kandalama, ndipo zimaoneka ngati pali chikole komanso ndi cha banki iti.

Wina akabwera n'kunena kuti kuyambira lero lendi muzipereka kwa ine, musatengeke ndi tayi. Akupatseni kalata yochokera kubanki kapena kwa maloya ake, inu mupite nayo ku nthambi ya bankiyo mukatsimikize, osati kuimba nambala yomwe wakupatsani iye mwini. Mukapereka kwa munthu wolakwika mudzalipira kawiri.

Nyumba ikagulidwa sikuti katundu wanu atayidwa panja tsiku lomwelo. Wogula akafuna kulowamo yekha akupatseni notisi, ndipo kwa ife olipira pamwezi notisi yake nthawi zambiri ndi mwezi wathunthu. Kukutulutsani mokakamiza kumafuna chikalata cha khoti, osati anyamata a pa siteji ndi lole. Koma kunena zoona, mwezi umodzi ndi wochepa kupeza nyumba mu Lilongwe, makamaka muli ndi ana a sukulu pakati pa teremu. Yambani kufunsafunsa panopa, mwakachetechete. Ogula ena amasangalala kupeza tenanti wolipira bwino ali kale m'nyumba, moti mukhoza kutsala momwemo, kungoti lendi amaikweza.

Za masherifu ndinenepo pang'ono, chifukwa simunatiuze ngati alandilodi amakhala mumpanda momwemo. Khoti likagamula kuti munthu alandidwe katundu, masherifu amapita pa adiresi yomwe apatsidwa. Ngati adiresiyo ndi nyumba yanuyo, akhoza kulemba firiji ndi TV yanu poganiza kuti ndi za wangongoleyo. Katundu wa tenanti sayenera kubweza ngongole ya landilodi, koma umboni uyenera kuchokera kwa inu. Pangano la lendi, malisiti ogulira katundu, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti mumalipira lendi mwezi uliwonse, zonsezi zijambuleni pa foni lero. Akalemba kapena kunyamula chanu, musalimbane nawo pageti. Lembani kalata ku ofesi ya sherifu msanga kuti katunduyo ndi wanu, asanamugulitse. Ngati loya simungamukwanitse, pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ntchito yawo.

Palinso ngongole zina zomwe sizimveka mpaka zitaphulika: ma city rates a kukhonsolo, ndi ground rent ya malo a boma. Zimenezi zimavutitsa kwambiri ochita lendi mashopu, amene amangopeza chitseko chatsekedwa m'mawa katundu ali mkati. Ndipo amene mukukhala m'nyumba za Malawi Housing Corporation kudzera mwa munthu wina, dziwani kuti dzina lanu kulibe kumeneko. Iye akapanda kupereka lendi yomwe mukumupatsayo, wotuluka ndi inu.

Choopsa kuposa banki ndi katapila. Banki imalemba makalata, imadikira miyezi. Wakatapila amangofika ndi kapepala kosainirana kuti nyumba ndi yake tsopano, nthawi zina ali ndi anyamata kumbuyo. Kapepala kameneko si chigamulo cha khoti. Akayamba kuopseza kapena kuthyola maloko, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Alandilodi anuwo musawachititse manyazi pagulu, ngongole imagwera aliyense. Khalani nawo pansi, pakhale mboni mmodzi, muwafunse mwaulemu kuti bambo, anthu aja amadzatani? Muwauzenso kuti dipoziti yanu mukufuna isanduke lendi ya mwezi womaliza, ndipo zimenezo zilembedwe asaine. Munthu amene walephera bilu ya madzi sadzakhala ndi dipoziti yokubwezerani tsiku losamuka. Akakana kusaina kapena akayamba kuzungulira, Loweruka lomwe lino muyambe kuyenda ku Area 49 ndi ku Area 18 kuona nyumba zina.