Kodi snapshot ndi kukopera .vdi pa flashi zakwanira?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti mu ofesi mwawo muli kompyuta yokhala ndi VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ina mkati mwa kompyuta, ndipo mkati mwake mumayenda Windows ina yomwe amasungiramo maakaunti onse a bizinesi. Lachisanu lililonse amatenga snapshot (chithunzi cha mmene Windows yamkatiyo ilili pa nthawiyo), kenaka n'kukopera fayilo ya .vdi, yomwe ndi hard disk ya Windows yamkatiyo, pa flashi. Akufunsa ngati atero ndiye kuti ali pabwino.

Ayi achimwene, simuli pabwino.

Mukatenga snapshot, VirtualBox imasiya kulemba mu fayilo yaikulu ya .vdi ija. Pa snapshot iliyonse imatsegula fayilo ina mufoda yotchedwa Snapshots, ndipo zosintha zonse zimapita mmenemo. Ndiye fayilo yomwe mwakhala mukukopera ili ndi zinthu za tsiku limene munatenga snapshot yoyamba basi. Ma invoice onse olembedwa kuchokera tsiku limenelo ali m'timafayilo ta mayina aataliatali osawerengeka ta mufoda ya Snapshots, tomwe inu mukutisiya. Timafayiloto natonso sitingagwire ntchito patokha, chifukwa kalikonse kamadalira kanzake ka m'mbuyo mpaka kukafika pa fayilo yoyamba. Ndipo zonsezi zakhala pa hard disk imodzi. Ikangofa, zapita zonse pamodzi. Ntchito ya snapshot n'kukupatsani pobwerera mukamaika update kapena pulogalamu yokayikitsa, zikayenda bwino mumaichotsa. A VMware, omwe amapanga pulogalamu yofanana ndi VirtualBox, amalangiza kuti snapshot isakhale kupitirira maola 72, koma inu muli ndi mulu wa miyezi.

Mwina muganiza zongokopera foda yonse. Chitani zimenezo makinawo, kutanthauza Windows ya mu VirtualBox ija, atazima. Akamayenda amakhala akulembabe, choncho koyambirira kwa fayilo mumatenga za 4 koloko, kumapeto kwake za hafu pasiti 4. Windows ikhoza kudzuka ndithu, koma database ya maakaunti n'kukana kutseguka. Zimitsani kuchokera mkati mwa Windows, pa Shut down, kenaka mukopere foda ya makinawo yonse mu VirtualBox VMs, kuphatikizapo kafayilo ka .vbox ndi Snapshots. Ine ndimakonda File, kenaka Export Appliance: imakupatsani fayilo imodzi ya .ova yokhala ndi makinawo mmene alili lero, popanda mchira wa ma snapshot.

Flashiyo ndikuikayikira. Ngati ili pa format ya FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, komanso maflashi otchipa amafa osatsanzika. Gulani ma external drive awiri muziwasinthanitsa, imodzi izigona kunyumba. Akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kutali ndi ofesi. Mukamaliza kukopera zulani chingwe, chifukwa ransomware, vairasi yofuna dipo kuti mafayilo anu atsegukenso, imatseka chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta.

Ngati makinawo sangazimitsidwe n'komwe, VirtualBox yakuchepelani. Proxmox, pulogalamu ina yoyendetsera makina oterewa, ili ndi chida cha backup chotchedwa vzdump, chomwe chimauza kapulogalamu ka mkati mwa makinawo (QEMU guest agent) kuti kaimitse kaye zolemba kwa kanthawi kochepa, ndipo Hyper-V, ya Microsoft, imachita zofanana ndi zimenezi kudzera mu VSS, chida cha mu Windows momwemo.

Kamodzi pamwezi tengani .ova ija mupite nayo pa kompyuta ina, muilowetse ndi Import Appliance. Musanaiyatse chotsani network yake kuti isalimbane ndi makina enieni a ku ofesi. Ikadzuka tsegulani pulogalamu ya maakaunti, mufufuze invoice yomaliza yomwe munalemba musanazimitse, muone ngati ndalama zake zikufanana ndi zomwe zili papepala.