Woyendera nyumba yanu anaphunzira kuti?

Mayi wina yemwe ali ku Johannesburg wandilembera imelo. Akumanga ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu, akufuna munthu woti aziyendera ntchito ya amisiri, koma adziwa bwanji kuti munthuyo anaphunziradi? Mayi, apa mwandigwira pabala.

Mlongo wanga anamanga ku Masasa, kotsetsereka kuja. Analemba bambo wina wa chipewa cholimba, tepi m'thumba, aliyense akungoti "a injiniya". Ankafika madzulo amisiri ataweruka, n'kugogoda khoma ndi kiyi wa galimoto, basi "zili bwino". Pulasitiki wotchinga chinyezi pamaziko sanaikidwe. Lero chinyezi chakwera kufika m'mawondo, penti ikusupuka, ndipo mng'alu wa pakona pa windo mumalowa chala. Mvula ya kuno mukuidziwa, siichita nthabwala: mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno.

Chimandinyansa n'chakuti dzina la injiniya timangoligawa ngati nthochi. Mnyamata wa njerwa amakhala pansi ku Mzuzu Technical College mpaka kutuluka ndi satifiketi. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lilipo kuyambira 1999. Lamulo la 1996 linakhazikitsa NCIC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, kuti makontilakitala azilembetsedwa. Koma pa nyumba ya munthu wamba, woweruza ntchito ya onsewa timam'tola chifukwa timapemphera naye, kapena ndi mlamu wa folomani. Ayi ndithu, wachibale wa womanga asayendere nyumba yanu, ngakhale akhale ndi mapepala odzaza chikwama.

Nanga matabwa a paini okhomedwa kudenga adakali aawisi, n'kupindika chaka chisanathe? Nanga zitsulo za ring beam, lamba wa konkire uja wogwira makoma pamwamba, zodukiza pakona? Chivomezi cha ku Karonga cha Disembala 2009 tinachiiwala msanga, chikhalirecho ndi kwathu kumpoto konkuno.

Tsono muchite chiyani?

Woyenderayo mufunseni satifiketi, muimbire koleji imene yalembedwapo. Akadzitcha injiniya, funsani ku Malawi Engineering Institution, bungwe la mainjiniya, ngati analembetsa. Pulani iyambe yavomerezedwa kukhonsolo ya mzinda. Mugwirizane kuti azifika ngalande za maziko zili zotsegula, komanso konkire isanathiridwe pazitsulo, chifukwa ikathiridwa palibenso choona. Azikutumizirani zithunzi pa WhatsApp tepi ili pomwepo, ndipo konkireyo amisiri azithirira madzi kwa masiku 7.