Mutombo ankagoletsa pang'ono, nanga ulemu wonsewu unachokera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Zomba, amene anandipempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Mnyamata wawo wa Fomu 3 ndi wamtali kuposa anzake onse ndipo amasewera basketball pasukulu, koma aphunzitsi amangomuuza kuti aime pansi pa ring'i azitchinga. Mwana wanyansidwa nazo, poti m'manja amawombera anzake ogoletsa. Aphunzitsiwo anamuuza kuti akaonere Dikembe Mutombo, katswiri wotchinga amene ankasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Bambowa atafufuza anapeza kuti Mutomboyo ankapeza mapointi osafika n'komwe 10 pa gemu, ndipo chikho cha NBA sanachigwirepo. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi munthuyu ankaudziwadi mpira, kapena anangodyera kutalika? Aphunzitsiwa sakungomupusitsa mwana wanga?"

Bambo, manambala mwawerengawo ndi oona. M'masizoni 18 amene Mutombo anasewera mu NBA ankapeza mapointi 9.8 pa gemu. Koma mwayang'ana tsamba lolakwika la kaundula. Zili ngati kufunsa kuti goloboyi wamwetsa zigoli zingati.

Tiyambe ndi kumene anachokera, chifukwa nkhani yake ndi yachilendo. Anabadwira ku Kinshasa pa 25 June 1966. Mu 1987 anapita ku yunivesite ya Georgetown, ku Washington, mtima uli pa udokotala, osati pa mpira. Chingerezi chenichenicho sankachidziwa bwino. Koma munthu wa mamita 2.18 sabisika, ndipo mphunzitsi wa timu ya pasukulupo, John Thompson, anamukokera m'bwalo. Udokotala unathera pomwepo. Anamaliza ndi maphunziro a zilankhulo ndi ukazembe mu 1991. Chaka chomwecho timu ya Denver Nuggets inamutenga ali wachinayi pa osewera atsopano onse. Anali kale ndi zaka 25, msinkhu umene anzake ambiri amakhala atadya kale ndalama za NBA kwa zaka zingapo.

Sizoni yake yoyamba ankapeza mapointi 16.6 pa gemu. Choncho kugoletsa ankatha ndithu. Kungoti sikunali kokoma kuonera: thupi louma, mpira woponya ndi dzanja limodzi atatembenukira cham'mbali, zigongono zili balalabalala moti anzake angapo anatuluka m'bwalo atagwira mphuno. Amene ankamulipira sankafuna zimenezo. Ankafuna chinacho.

Chinacho ndi ichi: anaphula mipira 3,289 imene inali paulendo wolowa mu ring'i. M'kaundula wa NBA amene akumuposa ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, yemwe ali ndi 3,830. Ndinene pano kuti NBA inayamba kuwerenga mipira yophulidwa mu sizoni ya 1973-74, ndiye akuluakulu ngati Bill Russell ndi Wilt Chamberlain mulibemo. Komabe kwa zaka zoposa 50 zimene akhala akuwerenga, pamwamba pali ana awiri a mu Africa. Mutombo anasankhidwanso kanayi kukhala wotchinga wopambana onse: mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001.

Apa ndi pamene ndikutsutsana nanu pa mawu oti "anangodyera kutalika". Anthu aatali mu NBA ndi mbwee, ena oposa iyeyo, koma ambiri sakumbukiridwa. Kuphula mpira kuli ndi malamulo ake ovuta. Ukaukhudza utayamba kale kutsika kulowera mu ring'i, woyimbira amapereka mapointi kwa mdani ngati kuti walowa. Ukalumpha msanga, mdaniyo amangokunamiza ndi mapewa, iwe uli m'malere, iye n'kudutsa kapena kukugunda dala kuti upatsidwe faulo. Mafaulo akakwana 6, watuluka gemu. Choncho wotchinga wabwino amadikira, amalumpha mochedwerapo kuposa woponya, dzanja lili chilili osaligwetsera pa munthu, ndipo zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Pamenepo pamafunika mutu wozizira. Kutalika kumangokupatsa chilolezo choyesera.

Palinso chinthu china chimene sichilembedwa papepala lililonse. Munthu akaphulidwa kawiri, kachitatu safikanso pansi pa ring'i. Amaponyera kutali, kapena amauponya m'mwamba kwambiri kuti udumphe dzanja lija, n'kuphonya. Wolemba manambala amangoti "waphonya", dzina la amene wamuopseza silioneka.

Ngati muli ndi kabandulo, fufuzani pa YouTube gemu ya Denver ndi Seattle SuperSonics ya mu 1994. Ine ndimaibwereza kawirikawiri. Seattle inali nambala 1 kuchigawo chakumadzulo, Denver nambala 8, yolowa mumpikisano wa chikho mochita kukwawa. Ankafunika kupambana magemu atatu mwa asanu. Seattle inatenga awiri oyamba, aliyense n'kuti zatha. Denver inapambana atatu otsatizana, yomalizayo pakwawo pa Seattle pomwe, ndipo m'magemu asanuwo Mutombo anaphula mipira 31. Inali nthawi yoyamba m'mbiri ya NBA kuti nambala 8 igwetse nambala 1. Nthawi itatha anagwira mpira womaliza, n'kudzigwetsa chagada pansi, mpirawo ataukweza pamwamba pa nkhope ndi manja onse awiri, pakamwa yasa, sukudziwa ngati akuseka kapena akulira. Chimunthu chonsecho chili gone ngati mwana amene wapatsidwa mphatso.

Ndiye pali chala chija. Akaphula mpira ankagwedeza chala cha mkombaphala pamaso pa mdani, monga amachitira agogo pokaniza mdzukulu kutsegula mphika. Oyimbira anayamba kumulanga kuti akunyoza anzake, iye n'kungosintha: chala chomwecho ankachilozetsa kwa oonerera. Mu 1997, ali ku Atlanta Hawks kumene anapita mu 1996, Michael Jordan anamulumphira n'kuthira mpira mu ring'i pamutu pake, kenaka n'kumugwedezera chala chake chomwe. Tangoganizani, munthu wa zikho ngati Jordan kusunga mangawa ndi wotchinga. Amene sadziwa mpira sasungiridwa mangawa otero.

Za chikho, sindikubisirani, pamenepo mpomwe panamukanika. Mu 2001 Philadelphia 76ers inamutenga pakati pa sizoni kuti akathandize katswiri wawo wogoletsa, Allen Iverson, ndipo anafikadi m'ndime yomaliza. Kumeneko anakumana ndi Shaquille O'Neal wa Los Angeles Lakers ali pachimake pa mphamvu zake, ndipo O'Neal anamukankha ngati chitseko, mapointi 33 pa gemu. Lakers inapambana 4-1. Mu 2003 anafikanso m'ndime yomaliza ndi New Jersey Nets, koma ankasewera pang'ono, n'kugonja kwa San Antonio Spurs. Atadutsa ku New York Knicks anakakhazikika ku Houston Rockets, kumene ankalowa m'malo mwa wamtali mnzake, Yao Ming, akatopa kapena akavulala. Bondo linamuthera mu 2009 pa gemu yolimbana ndi Portland, ali ndi zaka 42. Kwa ine zakazi zikunena zambiri. Ogoletsa ambiri miyendo ikangolema matimu amawataya. Uyu ankamufunabe atapitirira zaka 40.

Simunandifunse za chipatala, koma sindingathe kuzidumpha. Mayi ake, a Biamba Marie, anamwalira ku Kinshasa ndi sitiroko. Mwana amene anapita ku America kukaphunzira udokotala n'kusochera m'bwalo la mpira anabwerera kwawo n'kumanga chipatala cha mabedi 300 m'dzina la mayi akewo. Chinatsegulidwa mu 2007, chinadya madola pafupifupi 29 miliyoni, ndipo pafupifupi 15 miliyoni inachokera m'thumba mwake. Ndalama za kuphula mipira zimenezo, bambo. Mu 2015 analowetsedwa mu Hall of Fame, kaundula wa ulemu wa akatswiri a basketball, ndipo nambala yake, 55, Atlanta ndi Denver anaipachika kuti wina asadzaivalenso. Anamwalira pa 30 September 2024 ndi khansa ya mu ubongo, ali ndi zaka 58.

Tsono aphunzitsi aja sakumupusitsa mwana wanu. Koma nanenso ndili ndi kadandaulo kanga pa aphunzitsi ambiri: akaona mwana wamtali amangomuimika ngati mzati, osamuphunzitsa kuyendetsa mpira kapena kuponyera patali. Basketball ya masiku ano si ya mu 1994. Aatali akuponyera kunja kwa mzere wa mapointi atatu, ndipo wotchinga amayenera kuthamangitsana ndi tianyamata tothamanga. Mukakumana nawo muwapemphe mwaulemu kuti mnyamatayo aziphunzira zonse, kutchingako kukhale maziko.

Gemu ikubwerayi mupite mukaonere, mutenge kapepala ndi bolopeni. Musawerenge mapointi ake. Muzilemba kamzere nthawi iliyonse imene mdani wathamanga ndi mpira kulunjika pa ring'i, n'kumuona mwana wanu ataima, n'kubwerera nawo kapena kupatsira mnzake. Pobwerera kunyumba mumuonetse kapepalako, ndipo inenso mundilembere nambala imene mwapeza.