Mwana wanu asiyeni pakati pomwepo, mayi

Mayi, mwafunsa zoti mwana wanu wa zaka 15 akudandaula chifukwa kochi amamuseweretsa pakati, pomwe iye amafuna kutsogolo kuti azimwetsa zigoli ngati Temwa ndi Tabitha Chawinga, ndiye mukufuna kudziwa ngati wosewera pakati angafike patali. Ine ndimathandiza kuphunzitsa atsikana mpira kwathu kuno, ndipo funso lanu landikhudza. Angafike ndithu. Tangoonani Grace Chanda wa kwa aneba athu ku Zambia.

Grace anabadwa mu 1997 ndipo anatchukira ku timu ya Zesco ya ku Ndola. Dzina lake linamveka kwambiri pa masewera odzigulira malo ku Olimpiki ya ku Tokyo, pomwe anamwetsa zigoli 8, kuposa wina aliyense mu Africa. Ndiye zoti wapakati sagoletsa ndi nkhambakamwa. Koma pomwe ine ndinamugomera ndi pa chikho cha amayi cha Africa cha 2022 ku Morocco. Barbra Banda, katswiri wawo womwetsa zigoli, sanasewere nawo, anthu ambiri n'kumati Copper Queens, timu ya amayi ya dziko la Zambia, yathera pomwepo. Grace ndiye anavala lamba wa ukaputeni. Iye ndi anzake anatulutsa Senegal pa mapenate n'kudzigulira malo ku World Cup koyamba m'mbiri yawo, anagonja 1-0 kwa South Africa ndi penate ya kumapeto, kenako n'kugonjetsa Nigeria 1-0 ndi kukhala pa nambala 3. Nigeria yeniyeni, mayi! Chaka chomwecho Grace anali mmodzi mwa atatu omaliza opikisana pa mphoto ya wosewera wamkazi wabwino mu Africa, yomwe anatenga Asisat Oshoala.

Ulendo wake wakunja sunayambire pa timu yomwe mwana wanu amaiona pa TV. Anayamba wapita ku Kazakhstan, ku BIIK Kazygurt, dziko loti ambiri sitingaliloze pa mapu. Kumeneko anamwetsa zigoli zitatu pa gemu imodzi ya Champions League, ndipo pasanathe nthawi Madrid CFF ya ku Spain inamutenga. Mu 2024 anasaina ku Orlando Pride ya ku America, komwe kuli Barbra. Mwana akadzamva za timu yaing'ono yakunja asadzanyoze, bola kontirakiti ikhale yoti munthu wodziwa malamulo waiwerenga.

Tsono pali mbali ina yomwe ndikufuna muimve bwino, chifukwa ndi yomwe imandipweteka mtima. World Cup ya 2023, yomwe Grace anakhetsera thukuta kuti dziko lake likafikeko, iye sanasewere chifukwa anadwala. Atachira, anakavulala ntchafu ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, moti chaka chonsecho sanakhudze mpira ku Orlando, anzake akunyamula chikho cha ligi. Orlando mpaka inakadandaula ku FIFA za momwe anasamalidwira ku timu ya dziko lake. Wapakati amathamanga kuposa aliyense m'bwalo, amapita kukathandiza kutsogolo n'kubwereranso kukatchinga, ndipo mapazi a adani amathera pa iye. Chuma chake chonse ndi thupi.

Ndinali ndi mtsikana wina, wapakati woti akagwira mpira mumachita kumva kukoma. Anapweteka bondo Lachitatu, Loweruka n'kubwera atalimanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje, ati asaphonye gemu. Ine ndinamulola, poti timafuna kupambana. Sanathe ngakhale chigawo choyamba, ndipo anakhala miyezi isanu akutsimphina. Mpaka lero ndimadziimba mlandu. Mwana wanu akati penapake pakuwawa, apume, apite kuchipatala, kochi anene zotani. Adye mokwanira asanapite ku tireningi, osati kapu ya tiyi yokha, ndipo jombo zikhale zomukwana.

Mukapita kukamuonera, musawerenge zigoli zokha. Muyang'ane ngati amatembenuza mutu kuona kumbuyo kwake mpira usanamufike. Muone ngati amatha kulandira ndi phazi lina n'kupatsira ndi linalo, komanso ngati amathamangira kukaulanda akautaya m'malo moima manja m'chiuno. Makochi odziwa ntchito amaona zimenezo. Mwina n'zomwe kochi wake waona kale, n'chifukwa chake wamudalira pamalo ovuta chonchi. Kunyumba khoma ndi lokwanira: aziponya mpira pakhoma, kulandira ndi lamanzere, kubweza ndi lamanja, mphindi 20 tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Sukuluyonso asaisiye, poti mwaona nokha momwe matenda ndi kuvulala zinamudyera Grace zaka ziwiri ali pachimake.

Mumuonetse pafoni gemu ya Zambia ndi Nigeria ija, mumuuze kuti asatsate mpira ndi maso, azingotsata Grace komwe akupita. Akatha mudzatiuze zomwe wanena.