Yaulere kapena yolipira? Mwandikhudza pachilonda

Imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti mulipo anthu khumi ndi awiri, mukufuna malo amodzi osungirako mafayilo ndi kalendala ya ntchito, koma mwagawanikana: ena akuti muike pulogalamu ya open source (imene aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuona mmene inapangidwira ndi kuisintha) pa seva yanuyanu (kompyuta yosungira gulu lonse mafayilo), ena akuti muzingolipira kampani mwezi ndi mwezi. Funso lanulo landipweteka pang'ono, chifukwa ine ndinali munthu uja amene amadzuka pamsonkhano n'kufunsa mokweza kuti, "Tilipiriranji pomwe yaulere ilipo?"

Mkanganowo ndinapambana, ndipo anzanga anandisiyira zonse. Ndinachita lendi seva, n'kuikapo Linux (imene imayendetsa kompyuta monga imachitira Windows) ndi pulogalamu ija, aliyense n'kumupatsa pasiwedi yake. Zinkayenda bwino kwambiri moti anthu anaiwala kuti kuseri kwake kuli munthu. Choipa n'chakuti nanenso ndinaiwala. Kauthenga kakuti pali update (zokonza zatsopano za pulogalamu) kankatulukira pakona ya sikirini, ine n'kumati mawa. Mawa limenelo linatha miyezi isanu ndi iwiri.

Ndiyeno Lachisanu lina usiku zinthu zinangoti zii. Sikirini yoyera mbee, pamwamba kamzere kamodzi ka error. Nditalowa mu seva ndinapeza disk itadzaziratu ndi ma log (mafayilo amene seva imalembamo zonse zochitika) amene sindinkadziwa n'komwe kuti amakula tsiku ndi tsiku. Database, nkhokwe imene pulogalamuyo imasungamo zinthu zake, inaima ili mkati molemba, n'kuwonongeka. Ndinati palibe vuto, backup (kope la zonse losungidwa padera) ilipo. Backup yakeyo ndinkaisunga pa seva yomweyo. Sekani ndithu. Malo atatha, nayo inasiya kulembedwa mwakachetechete, ndipo yomaliza yabwino inali ya masabata atatu m'mbuyomo. Loweruka lonse foni siinapume: "Achimwene, lipoti lija lili kuti? Tikulifuna Lolemba." Palibe anandilalatira, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Walira mvula walira matope, koma matopewo anaterera nawo ndi anthu amene sanalire mvula.

Ndisanapitirire, pali chinthu chimene Chichewa chimatithandiza kumvetsa kuposa Chingerezi. Azungu ali ndi liwu limodzi, free, pomwe ife tili ndi awiri: ufulu ndi ulere. Richard Stallman atayambitsa GNU, ntchito yopanga mapulogalamu a "free", mu 1983 ankanena za ufulu, osati ulere. Laisensi ya GPL, imene inatuluka mu 1989, imakulolani kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuwerenga code yake (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo), kuisintha ndi kugawira ena. Siletsa kugulitsa, ndipo silonjeza kuti wina adzakuthandizani ikavuta. Dzina lakuti open source linadzabwera mu 1998. Kampani ya Red Hat inalemera ndi kugulitsa thandizo pa mapulogalamu otere, mpaka IBM inaigula mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Ine pamsonkhano paja ndinamva ulere basi. Malipiro a seva ndinawawerengera, koma tulo tanga sindinatiike pa bajeti.

Komatu musaganize kuti ndatembenuka mtima n'kuyamba kuimbira m'manja makampani. Ayi. Ukamalipira mwezi ndi mwezi uli m'nyumba ya lendi, ndipo mwini nyumba akhoza kukweza lendi, kugwetsa chipinda chimene umachikonda, kapena kukuuza kuti usamuke. Mu 2013 kampani ya Adobe inasiya kutulutsa mapulogalamu ake atsopano ogula kamodzi n'kuyamba yolipiritsa mwezi ndi mwezi. Chaka chomwecho Google inatseka Google Reader, pulogalamu yowerengera nkhani za pa intaneti, anthu ambiri akuigwiritsabe ntchito, ndipo palibe akanaitola n'kuipitiriza chifukwa code yake inali yotsekeredwa. Yerekezani ndi OpenOffice, pulogalamu ya open source yolembera zikalata: kampani ya Oracle itagula mwini wake, Sun Microsystems, mu 2010, anthu amene sanakhutire anatenga code n'kuyambitsa LibreOffice, imene ilipo mpaka lero. Nextcloud, pulogalamu yosungira mafayilo ndi kalendala, nayo inatuluka mu ownCloud mwanjira yomweyo mu 2016. Ufulu uja ndi umenewu, ndipo si wamasewera. Chinanso, makampani ambiri amalipiritsa pa munthu aliyense. Lero mulipo khumi ndi awiri, mukadzafika makumi atatu bilu idzakula nanu limodzi.

Chimene chimandikwiyitsa masiku ano ndi mawu aja akuti open source ndi yotetezeka chifukwa maso ambiri amaiyang'ana. Maso ake a ndani? Cholakwika cha Heartbleed chinakhala mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga pa intaneti, pafupifupi zaka ziwiri chisanadziwike mu 2014, pomwe ma seva ochuluka zedi padziko lonse ankadalira pulogalamu imeneyo, ndipo oisamalira anali anthu ochepa chabe. Chitadziwika, anachikonza mwachangu, zoona. Koma kukonzako sikudzilowetsa kokha mu seva yanu. Payenera kukhala munthu woti aike update, ndipo munthu ameneyo akakhala ngati ine wa chaka chija, chitseko chimakhala chotsegula kwa miyezi. Ngakhale mzinda wa Munich ku Germany, umene unasankha Linux mu 2003 uli ndi akatswiri olembedwa ntchito, mu 2017 khonsolo yake inavota kuti ibwerere ku Windows. Anthu amatsutsanabe ngati chinali chifukwa cha luso kapena ndale, koma ine ndimangoona kuti nkhaniyi si yophweka ngakhale kwa anthu a ndalama.

Ndiye ndikuuzeni mosapsatira: gulu limene lilibe munthu wosamalira seva lisakhale ndi seva. Wodzipereka amene "amadziwako zamakompyuta" sindikumuwerengera, chifukwa amadwala, amasamuka, amatopa, ndipo amachoka ndi mapasiwedi onse m'mutu mwake.

Nanga inu muchite chiyani?

Funsanani kuti seva ikaima usiku adzadzuke ndani, ndipo iyeyo akachoka adzalowe m'malo ndani. Ngati mayina awiriwo sakupezeka, lipirani. Pali njira yapakati imene ndikanakonda wina akanandiuza: makampani ena amakusungirani pulogalamu ya open source ngati Nextcloud pa seva zawo, ma update ndi backup n'kukhala udindo wawo, inu n'kumalipira pamwezi koma muli ndi mwayi wosamuka ndi katundu wanu. Musayendetse njira ziwiri nthawi imodzi pofuna kusangalatsa mbali zonse, mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pakatha mwezi palibe adzadziwe kuti fayilo yatsopano ili kuti.

Iliyonse imene mungasankhe, sabata yoyamba yomweyo ikanimo mafayilo angapo, kenako yesani kuwatulutsa onse n'kuwatsegula pa kompyuta ina. Ine ndimachita zimenezi pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo backup yanga tsopano imagona m'malo awiri osiyana, kutali ndi seva.